Kodi Bodza la Chifundo ndi Chifundodi?

Amalume anga adali katswiri wa banjo. Sadamvekepo pa wailesi ndipo dzina lawo simungalipeze pa chimbale chilichonse, koma kuyambira pa Ulongwe kufika pa Liwonde, kuoloka Shire mpaka ku Ntaja, padalibe ukwati umene unkatha bwino iwo palibe. Banjoyo adakhoma okha ndi chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Chaka chimene ndidali mu Fomu 4, nsima idayamba kukana kutsika pakhosi pawo. Poyamba tinkaseka, ati nkhalamba yayamba kusankha ndiwo. Kenaka phala nalonso lidayamba kubwerera. Amayi atapita nawo ku chipatala china chachikulu cha mu mzinda, dokotala adaitanira amayiwo panja naŵauza kuti ndi khansa ya kum'mero, ndipo kuti yafika poti palibenso chochita koma kuchepetsa ululu. Amayi adapukuta misozi, nabwerera m'chipindamo akumwetulira. "Achimwene, akuti ndi zilonda chabe. Mukamamwa mankhwala zipola."

Patapita masabata aŵiri, tili aŵiriŵiri pa khonde, amalume adatulutsa kabuku kawo ka kuchipatala m'thumba la malaya nandipatsira. "Mphwanga, iwe ndiye wa sukulu. Tandiŵerengera apa. Madokotalaŵa alembapo chiyani m'Chizungu chawochi?" Ndidaona zilembo ziŵiri, C wamkulu ndi a wamng'ono, ndipo tanthauzo lake ndinkalidziŵa chifukwa amayi adali atandinong'oneza kale. Ndidati, "Alemba zomwe zija, amalume. Zilonda." Adandiyang'ana nthaŵi yaitali, nabweza kabuku m'thumba, nati, "Chabwino." Adamwalira patapita miyezi inayi.

Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi lakhala likundisoŵetsa tulo, ndipo ndi limene ndabwera nalo pamaso panu, anzanga a m'bwalo lino la alembi. Kodi munthu amene thupi lake likumupha, ife tikudziŵa iye osadziŵa, tili ndi ufulu womubisira? Kwathu yankho limabwera msanga. Amati ukamuuza afa ndi mtima nthenda isanamuphe. Amati kutchula imfa n'kuiitana. Amatinso wodwala ndi wa abale, choncho katundu wolemera asenze ndi abale, mwini wake apumule. Onena zimeneziwo si anthu ouma mtima ayi. Amayi anga adanama chifukwa cha chikondi, ndipo ine ndidaŵathandiza bodzalo chifukwa cha chikondi chomwecho, kapena tinene kuti ndi mmene ndinkaganizira masiku amenewo.

Chimene chidatukula nkhaniyi m'mtima mwanga ndi nyimbo yochokera kutali, ku Hungary. Tsiku lina mphunzitsi wathu wa zoimbaimba adatiikira chimbale chakale, chojambulidwa ku Berlin mu 1959, cha nyimbo ya piyano yothandizana ndi gulu lalikulu la zoimbira. Woipeka adali Béla Bartók, woimba piyano adali Géza Anda, ndipo wotsogolera gululo adali Ferenc Fricsay, amene ali mnyamata adaphunzitsidwapo ndi Bartók yemweyo. Nyimbo itatha mphunzitsi adatiuza, ngati nkhani yongodutsa, kuti anthu atatu onseŵa adali a ku Hungary, onse adafera kunja kwa dziko lawo, ndipo onse idaŵatenga ndi khansa. Bartók adamwalira ku New York mu 1945 ali ndi zaka 64, ndi khansa ya m'magazi. Fricsay, amene pojambula chimbalecho n'kuti atangodzuka kumene pa opaleshoni, adamwalira ku Basel mu 1963 ali ndi zaka 48, ndi khansa ya m'mimba. Anda adamwalira ku Zurich mu 1976 ali ndi zaka 54, ndi khansa ya kum'mero, yomwe ija ya amalume. Nditamva zimenezo ndidapita ku laibulale kukafufuza mbiri ya wamkulu wa atatuwo, ndipo ndidapezamo mlandu wanga womwe.

Bartók adabadwa mu 1881 m'tauni ina yaing'ono imene lero ili m'dziko la Romania. Ngakhale adaphunzira piyano pa sukulu yapamwamba ya zoimbaimba ku Budapest, mtima wake udali ku midzi. Kuyambira mu 1906, iye ndi mnzake Zoltán Kodály ankayenda m'midzi atasenza makina ojambulira mawu, a lipenga lalikulu, amene ankalemba nyimbo pa timigolo ta phula. Ankapempha amayi okalamba, abusa a nkhosa ndi atsikana a kumunda kuti aimbire m'lipengamo. Adasonkhanitsa nyimbo zikwizikwi za anthu a ku Hungary, Romania ndi Slovakia, ndipo mu 1913 adafika mpaka kuno ku Africa, ku dera la Biskra m'dziko la Algeria. Chinkamuthamangitsa n'chiyani? Ankadziŵa kuti nkhalamba ikamwalira nyimbo zake zimaloŵa nayo m'manda, ndipo kuti wofuna kuzipulumutsa ayenera kufika mwini wake akali moyo. Mfundo imeneyi musaiiŵale, pakuti tidzakumana nayonso pa khonde la amalume.

Mu Okutobala 1940, ataona kuti dziko lake lagwirana chanza ndi Hitler, Bartók adasamukira ku America pamodzi ndi mkazi wake Ditta. Kumeneko zinthu sizidamuyendere. Nyimbo zake sizinkaimbidwa kaŵirikaŵiri, ndalama zidali zochepa, ndipo ankadalira kantchito ka pa yunivesite ya Columbia kolemba pa pepala nyimbo za m'midzi ya ku Yugoslavia zimene ena adajambula. Mu 1942 thupi lidayamba kumutentha madzulo aliwonse, ndipo pofika mu 1943 adagonekedwa m'chipatala ataonda mpaka kutsala makilogalamu pafupifupi 40. Tsono munthuyu adali wosafuna kumveredwa chisoni, wokana chithandizo chilichonse chooneka ngati chopemphetsa. Anzake aŵiri a kwawo, Joseph Szigeti woimba vayolini ndi Fritz Reiner wotsogolera magulu a zoimbira, adapangana mwamseri ndi Serge Koussevitzky, mkulu wa gulu lotchuka la ku Boston. Koussevitzky adapita ku chipatalako ngati kuti maganizowo ndi ake, napempha wodwalayo kuti amupekere nyimbo pa mtengo wa madola 1,000. Za anzake aja sadamutchulire. Bartók adadzuka pa bedi, ndipo pakati pa Ogasiti ndi Okutobala 1943 adapeka Concerto for Orchestra, imene idaimbidwa koyamba ku Boston pa 1 Disembala 1944, ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa nyimbo zake zokondedwa koposa. Chimenecho ndi chinsinsi choyamba.

Chinsinsi chachiŵiri chidali cha madokotala. Mu Epulo 1944 adapeza kuti nthenda yake ndi khansa ya m'magazi, imene masiku amenewo idalibe mankhwala, koma olemba mbiri yake amati mwini wakeyo adamubisira dzina lenileni la nthendayo. Iye adapitiriza kugwira ntchito. Pakati pa chaka cha 1945 ankapeka nyimbo ziŵiri nthaŵi imodzi: ina ya viola imene William Primrose adaitanitsa, ina ya piyano ija tidamvera m'kalasi, imene adafuna kupatsa mkazi wake ngati mphatso ya tsiku lake lobadwa. Ya piyanoyo adaifikitsa pafupi ndi mapeto, kutsala timagawo 17 tokha toti agaŵire zoimbira, ndipo pa tsamba lotsiriza adali atalemba kale liwu la chinenero chake lotanthauza mathero. Adamutengera ku chipatala, namwalira pa 26 Seputembala 1945. Mnzake Tibor Serly ndiye adatsiriza timagawo totsalato. Ya viola ija idatsala ili m'mapepala obalalika, ndipo Serly yemweyo adavutika nayo zaka zingapo. Akuti m'masiku ake otsiriza Bartók adadandaulira dokotala wina kuti chomuŵaŵa n'chakuti akupita thumba lake likali lodzaza.

Tiyeni tiziike zinsinsi ziŵirizi pa mphasa tizione bwino, chifukwa kunja zimafanana koma m'kati n'zosiyana. Anzake aja adabisa dzanja lopereka. Chimene adabisacho chidali chawo: chifundo chawo ndi maina awo. Munthu ali ndi ufulu wobisa zabwino zimene wachita, monga mmene mnansi amasiyira dengu la chimanga pakhomo pa mayi wamasiye usiku kuti asamuchititse manyazi. Ndiponso chimene adamupatsacho chidali chenicheni: ntchito yeniyeni, malipiro enieni, ndipo nyimbo idatulukadi. Koma madokotala adabisa chinthu chimene sichidali chawo. Magazi adali a Bartók, masiku otsalawo adalinso a Bartók. Wobisa dzanja lake amakusiyira ulemu wako. Wobisa masiku ako ali ngati munthu amene wakusungira ndalama koma osakuuza kuti zatsala zingati, iwe n'kumagula zinthu ngati kuti zidakalipo zambiri. Mwina akadauzidwa poyera mu 1944 akadakonza ntchito zake mwa njira ina, kutsiriza imodzi asanayambe inzake. Mwinanso akadachita zomwezo. Koma kusankhako kukadakhala kwake.

Anzathu ophunzira filosofi andikumbutsa kuti mkanganowu ndi wakale. Plato, m'buku lake lotchedwa Republic, adavomera kuti bodza lingathe kugwira ntchito ngati mankhwala, koma adati mankhwala otere akhale m'manja mwa madokotala ndi olamulira, munthu wamba asaŵakhudze. Immanuel Kant, mu 1797, adakaniratu kwa mtu wa galu: kwa iye sungathe kunamiza ngakhale chigaŵenga chimene chafika pakhomo pako kufunsa kumene wabisa mnzako. Ine aŵiri onseŵa sandikwanira. Plato akupereka mphamvu yaikulu kwa wodziŵa, ndipo ife Amalaŵi, amene makolo athu adakhala zaka 30 pansi pa ulamuliro wa munthu mmodzi kufikira mu 1994, tikudziŵa bwino zimene zimachitika akuluakulu akayamba kutisankhira zoti timve ndi zoti tisamve, ati potifunira zabwino. Lamulo la Kant nalonso n'louma ngati mwala, silisiyanitsa chigaŵenga ndi mbale wako wodwala. Chigaŵenga chilibe gawo pa choonadi chimene chikufunsacho, pamene amalume adali nalo gawo lonse. Tsono kukula kwa mlandu wanga n'kwakuti ndidanamiza mwini wake wa nkhani.

Ena adzati, "Iwe sukulu yakuloŵa m'mutu. Kuuza munthu pamaso kuti akufa n'chizungu. Ife anthu akuda tili ndi mwambo wathu." Koma mbiri ikukana. Amene adabisira Bartók sadali anthu a ku Machinga. Mu 1961 dokotala wina wa ku Chicago, Donald Oken, adafunsa madokotala anzake oposa 200, napeza kuti 90 mwa 100 alionse sankauza wodwala kuti ali ndi khansa. Mu 1979 Dennis Novack ndi anzake atafunsanso mafunso omwewo, 97 mwa 100 adati amauza. Mwambo wonse udatembenuka m'zaka 18 zokha. Kubisaku kulibe mtundu. Kumamera paliponse pamene nthenda yaposa mankhwala ndipo anthu agwidwa mantha. Ndiponso zipembedzo zathu zomwe zimatitsutsa. Mkatolika wa ku Balaka akadwalika amamuitanira wansembe kuti amudzoze. Msilamu wa ku Ntaja abale amamuzungulira ndi kumukumbutsa mawu a chikhulupiriro chake. Miyambo iŵiri yonseyi imafuna kuti munthu apite ali maso, akudziŵa kumene akuloŵera.

Palinso amene adzandikumbutse za mthenga wa maliro. Kwathu munthu akamwalira mwana wake ali kutali, sitimuuza pa lamya kuti bambo ako atisiya. Timati, "Bwera msanga, matenda akula." Kodi limenelo si bodza la chifundo, ndipo kodi silabwino? Inde n'labwino, koma taonani chifukwa chake. Wolandira uthengawo ndi mwana wa mudzi womwewo, ndipo chinenero chimenechi amachidziŵa. Akamakwera basi ku Lilongwe amakhala atayamba kale kulira pang'onopang'ono, ndipo akamatsika pa Liwonde mtima umakhala utakonzeka. Chimenecho ndi choonadi chimene chavala chitenje kuti chisayende maliseche, ndipo ulendo ukatha chimaoneka nkhope. Koma "zilonda" zimene tidauza amalume lidali khoma. Sitinkafuna kuti adziŵe pang'onopang'ono. Tinkafuna kuti asadziŵe mpaka kalekale. Makolo athu adatisiyira luso lalikulu lonenera zinthu zoŵaŵa: miyambi, nyimbo, ankhoswe, akuluakulu odziŵa kukhala pansi ndi munthu mpaka nkhani itafika yokha. Ife tatenga luso lofeŵetsera choonadi n'kumaligwiritsa ntchito pochikwirira.

Koma pali chitsutso china chimene sindingachithaŵe, ndipo n'cholemera kuposa zonsezi. Madokotala a ku America adayamba kuuza odwala pa nthaŵi imene mankhwala a khansa adayamba kuchuluka. Choonadi chidali ndi chithandizo kumbuyo kwake. Nanga kuno kwathu? Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kum'mero ndi ya khomo la chiberekero zili zochuluka koposa pa dziko lonse lapansi, komabe mpaka mu 2024 m'dziko muno mudalibe makina ootcha khansa ndi cheza. Ofuna chithandizo chotere ankadikira mwayi wotumizidwa kunja, ndipo chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe mwambo wochitsegulira udachitika mu 2025. Tonse tidaona mmene malemu Lucius Banda, mwana wa kwathu ku Balaka, amene adakulira mu Alleluya Band pambali pa mkulu wake Paul, adanenera poyera mu 2021 kuti impso zake zaleka kugwira ntchito bwino. Siidali khansa, koma idali nthenda yoopsa, ndipo iye sadaibise. Adakhala zaka zitatu akudziŵa, dziko likudziŵa, anthu akumupempherera ndi kumuthokoza iye akumva, mpaka adamwalira ku Johannesburg pa 30 Juni 2024 ali ndi zaka 53. Komatu wina angathe kunena kuti Soja adali ndi dzina, abwenzi, ndi njira yofikira ku zipatala za kunja. Nanga woimba banjo wa pa Ulongwe ukamuuza kuti ndi khansa, m'dzanja linalo umupatsa chiyani?

Yankho langa ndi lakuti umupatsa masiku ake. Pamene mankhwala palibe, chuma chokha chotsala ndi nthaŵi, ndipo wosauka ndiye ayenera kudziŵa bwino kuchuluka kwa kachuma kake kuposa wolemera. Amalume adali mwini mbumba. Malire a dimba lathu la m'mbali mwa Shire adali m'mutu mwawo, ndipo atamwalira mkangano wa dimbalo udatenga zaka ziŵiri. Mpaka lero pali mabanja aŵiri amene sapatsana moni. Adali ndi mwana wamkazi wokwatiwa ku Nayuchi amene adayambana naye kalekale. Tikadanena zoona akadamuitana, koma munthu suitana mwana wokwiya kuti adzaone zilonda. Adagulitsa mbuzi zawo zitatu kufunafuna mankhwala a zilonda zimene kudalibe, ife tikuonerera, chifukwa kuŵaletsa kukadaulula chinsinsi. Akuluakulu amati nkhanga zidapangana kusanapse. Ife moto tidauona ukubwera, koma mkulu wa nkhanga tidamuuza kuti ndi fumbi chabe.

Chimene chimandiŵaŵa koposa ndi nyimbo. Amalume adali ndi nyimbo zambirimbiri zopeka okha, zina m'Chicheŵa zina m'Chiyao: za sitima ya ku Nayuchi, za njala ya 2002, za apongozi okonda mijedo. Palibe ndi imodzi yomwe imene idajambulidwa. Miyezi inayi yonseyo ine ndidali ndi foni m'thumba, makina opepuka ndi amphamvu kuposa chilipenga chimene Bartók ankasenza m'midzi. Kangapo konse ndidaganiza zoŵapempha kuti aimbe ndijambule, mawu akadalipo. Koma ndikadayamba bwanji? Munthu amene wakhala naye zaka zonse osamujambula, lero ukamuloza foni n'kunena kuti "imbani zonse, musasiye ndi imodzi yomwe," ndiye kuti wamuuza basi. Bodza lidandimanga manja. Hugh Tracey adachoka ku South Africa m'zaka za m'ma 1950 kudzajambula oimba a m'midzi ya Nyasaland, ndipo mawu awo tikuŵamvabe lero. Ine ndidalephera kusendera kuchoka mbali ino ya khonde kufika mbali inayo. Lero ndimakumbukira nyimbo ziŵiri zathunthu ndi theka la yachitatu. Bartók adali ndi Serly woti atsirize timagawo 17. Theka la amalume palibe angalitsirize.

Tsono imvani chimene chidachitika kutatsala sabata imodzi. Adandiitana m'nyumba, mawu atasanduka manong'onong'o, nandilozera banjo pa khoma. "Mphwanga, tamasula nsambozo. Zikakhala zokoka nthaŵi yaitali popanda woimba, zimapinda khosi la banjo." Ndidamasula, manja akunjenjemera. Woimba samasula nsambo za chida chimene akuyembekeza kuchigwira mwezi wa maŵa. Amalume ankadziŵa. Mwina adadziŵa tsiku lomwe lija pa khonde poona maso anga. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi silinamiza mwini wake. Ndikhulupirira kuti Bartók nayenso ankadziŵa, pakuti munthu woyembekeza kuchira sadandaula za thumba limene akupita nalo. Tsono onani mmene bodza lidatizungulira. Ife tinkanama kuti iwo asavutike, iwonso ankanamizira kukhulupirira kuti ife tisavutike. Nyumba imodzi, anthu okondana, aliyense atasenza yekha mtolo umene tikadathandizana. Mantha a imfa adatsala pomwepo. Chimene tidaŵachotsera ndi anthu oti agaŵane nawo manthawo.

Apa ndi pamene ndimafika pa funso limene ndimachita nalo manyazi: kodi bodza lija linkateteza yani? Ndikadziyang'ana moona mtima, pa khonde paja sindinkaopa kuti amalume akomoka. Adali munthu amene adaika m'manda mkazi wawo ndi ana aŵiri, oidziŵa imfa kuposa ine mnyamata wa Fomu 4. Ndinkaopa nkhope yawo itamva. Ndinkaopa chete amene akadatsatira, ndi mafunso amene ndikadasoŵa poyankha pake. Ndinkadziteteza ndekha, kenaka n'kudzinamiza kuti chimenecho n'chifundo. Amayi sindikuŵaweruza. Nawonso adasenzetsedwa katundu pa khonde la chipatala m'mphindi zisanu, dokotala n'kuthamangira odwala ena makumimakumi amene adali pa mzere, ndipo padalibe woŵaphunzitsa kayambidwe ka nkhani yotere. Aliyense adapatsira mnzake khala la moto, mpaka lidafika kwa wamng'ono pa onse, ndipo wamng'onoyo adaliponya pansi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti tiziloŵa m'zipinda za odwala ndi kuŵaponyera mawu ngati mwala. Choonadi choperekedwa mopanda ulemu ndi nkhanza inanso. Alipo odwala amene safuna kudziŵa, amene amati, "Kambiranani ndi ana anga, ine musandiuze," ndipo ameneŵa tiŵalemekeze, pakuti kusafuna kudziŵako n'kusankha kwawo. Tili nawo m'dziko muno anthu amene ntchito yawo ndi kusamala odwala matenda osachiritsika, monga a ku Tiyanjane ku Blantyre ndi a ku Ndi Moyo ku Salima, ndipo pa ntchito imeneyi chiphunzitso choyamba n'chakuti uyambe wafunsa wodwala zimene akudziŵa kale ndi zimene akufuna kudziŵa, kenaka uyende naye pa liŵiro lake. Malire ine ndimaŵaika apa: wodwala asakakamizidwe kumva, koma akafunsa asanamizidwe. Amalume adafunsa. Kabuku kaja adakatulutsa m'thumba ndi dzanja lawo.

Mafupa a Bartók adaŵafukula ku America mu 1988 naŵabweza ku Budapest, kumene adaikidwanso ndi ulemu wa boma patapita zaka 43. Maiko amatha kukonza zolakwa zawo mochedwa chotero, koma ine sindingathe. Banjo ija ikadali pa khoma kwathu, nsambo zili lendee. Tchuthi chilichonse ndimaiyang'ana ndi kuyeseza mumtima yankho limene ndikadapereka tsiku lija: "Amalume, alemba nkhani yaikulu. Kodi mukufuna ndikuuzeni ndekha, kapena tiitane amayi tikhale pansi tonse?" Ndi mawu ochepa, oti ngakhale mwana wa Fomu 4 akadatha kuŵanena. Ambiri a inu ndinu "wa sukulu" wa pa banja panu, ndipo tsiku lina munthu amene mumamukonda adzakupatsirani kabuku kake. Ndapota nanu, mudzamuŵerengere zimene zalembedwamo.